Miyala ya a NyaMakwinja

Funsani aliyense wa ku Vinthukutu amene anakula nthawi ya makhadi a chipani, akuuzani chinthu chimodzi chokhudza malemu a NyaMakwinja: mayi aja sankaima. Akakwera njinga yawo yamoto, kaya muwakweze dzanja, kaya muwaitane ndi dzina la kwawo, kaya mugone pakati pa msewu, kuima kokha ayi. Sikuti anali amwano. Moni ankapereka, moni wake wathunthu wa kuno, wofunsa za ana, za ng'ombe ndi za chinangwa cha kumunda. Kungoti ankaupereka akukuzungulirani.

"Monire, adada! Mwawuka uli?"

Inu poti mutsegule pakamwa, iwo ali kale kumsana kwanu.

"Tawuka makora, amama, kwali imwe?"

"Makora! Nanga kamwana kaja chifuwa chinatha?" Apa mawu akuchokera kumanzere.

Pomatha moni munthu umakhala utazungulira pamalo amodzi ngati nkhuku ya chitopa, fumbi lili m'mano, iwo atalowera kumapiri. Achinyamata a masiku ano, amene nkhaniyi anangoimva, amati njingayo inalibe mabuleki. Bodza limenelo. Mabuleki anali bwinobwino. Nkhani inali miyendo.

Dzina lawo lenileni linali Lois Makwinja, namwino wochokera ku Phalombe, amene boma linawatumiza pa kachipatala kena kufupi ndi Chilumba. Anthu a kuno anangowamata "Nya" kutsogolo monga achitira ndi mzimayi aliyense, basi dzina n'kukhazikika. Kufupika kwake, abale, kunali kwa mtundu wina. Akaima kuseri kwa zenera loperekera mankhwala, odwala ankangoona kachipewa koyera kakuyenda kokha, ndipo ankafotokozera kachipewako matenda awo. Koma mawu okha Mulungu sanawamane. Akakalipira mayi wobwera mochedwa kusikelo, asodzi a kugombe ankayamba kupepesa nawo.

Munthu amene anaona chiyambi cha zonsezi ndi Ambokile Mwangalaba, mwini ngolo, mwamuna wamtali moti polowa m'tchalitchi ankawerama ngakhale asanayambe kupemphera. Ambokile ankakhala kumtunda, m'midzi ya m'mphepete mwa mapiri, kumene chikuku chinkabwera ngati mlendo wodziwa njira. Mwana wake woyamba anapita ndi chikuku chomwecho. Mkazi wake anamwalira atangobereka wachiwiri, Eliness, amene ankaleredwa ndi alongo ake a Ambokile. Zimenezi iye sankazikamba, koma akamva mwana wa mnansi akutsokomola ankasiya kudya.

Katemera pachipatala analipo. Vuto linali loti katemera safuna kutentha, ndipo dzuwa la ku Karonga mukulidziwa. A NyaMakwinja anayesapo kupita kumtundako pa njinga yopalasa, bokosi la katemera lili kumbuyo, koma pofika, ayisi yense anali atasanduka madzi ofunda oti n'kusambitsira khanda. Anabwerera ana osawabaya, akulira ndi mkwiyo njira yonse.

Ndiye kunabwera njinga zamoto ziwiri pa sitima ya panyanja. Anamutuma Ambokile kuti akazitenge kudoko, ndipo zinalowa pachipatala monyada, zitakwera ngolo, ng'ombe zikukoka. Pochotsa matabwa, anthu anaona kuti imodzi ndi kakang'ono, kosalala, kopanda thanki pakati, koti mzimayi wovala diresi amangolowetsa mwendo ngati akulowa m'khitchini. Inayo inali chinjinga chachitali, chamatayala a manomano, chishalo chake chofika pachifuwa cha a NyaMakwinja.

Okwera analinso awiri: a NyaMakwinja, ndi a Patson, mlangizi wa zaumoyo wa miyendo ngati mapolo, amene ankayendera midzi ya m'mbali mwa nyanja, kumene njira ili see. Wogawa anali a Julius Chikadza, bwana wa zaumoyo wochokera ku boma, munthu wamimba yake, wokonda kuti zinthu zizioneka bwino.

"Apa palibe chovuta," anatero a Chikadza. "Aliyense saizi yake. Amayi, takhalani apa."

A NyaMakwinja anakhala pa kakang'onoko. Mapazi onse awiri pansi, phwatalala. Anthu anaomba m'manja. Kunena zoona, kanawakhala ngati anachita kuyeza kwa telala.

"Mwaona? Njinga yoyambira izikhala yoti mapazi afike pansi. Ikhale yopepuka, yoti ikagwa mudzutse nokha. Ndi mmene amaphunzitsira."

Bwanayo sankanama, ndipo aliyense wanzeru akanasankha momwemo. Koma a NyaMakwinja anatembenukira kwa Ambokile, amene anali pambali akumasula goli.

"Bambo a ngolo, inu ndinu a kumtunda. Aka kakafika kwanu?"

Ambokile anakayang'ana kanjingako, n'kuyang'ana matayala ake owonda. Chichewa chake chinali chochita kufunafuna.

"Kafika, amama. Pa ngolo yane kafika makora chomene."

Anthu anaseka, a Chikadza sanaseke. A NyaMakwinja anaphunzira kanjingako pabwalo la mpira mpaka kukazolowera, ndipo tsiku la sikelo litakwana ananyamuka, bokosi kumbuyo. Anayenda bwino ndithu kufikira pa mtsinje wamchenga umene umadula njira ya kumtunda. Pamenepo kanjinga kanalira, kanatsokomola, kenaka kanakhala pansi ngati mbuzi yokana kupita kumsika. Ambokile anawapeza dzuwa lili pamutu akukakoka ndi mahandulo, madzi akudontha m'bokosi. Anakweza zonse pa ngolo, namwino, bokosi ndi njinga. Panjira iye anaona kuti mayiwo akupukuta m'maso ndi kachipewa kaja.

A Chikadza atabweranso, anapeza a NyaMakwinja ataima pambali pa chinjinga chachitali chija, atagwira handulo ngati wagwira ng'ombe ya malowolo.

"Ndikufuna iyi."

"Amayi, musandiseketse. Mapazi anu safika n'komwe pansi."

"Kodi ndikupita kukapondaponda pansi kapena kukabaya ana?"

"Nanga poima?"

"Poyenda mapazi safunika. Za poima tikaonera komweko."

"Nanga a Patson?"

"Kwa a Patson n'kosalala. Aka kawafikitsa."

Anakangana mpaka odwala anaiwala matenda awo n'kubwera kudzaonerera. Pomaliza a Chikadza anagonja, koma anaika lamulo, ndipo analiika pamaso pa anthu.

"Chabwino, tengani. Koma tsiku limene ndidzaone kapena kumva kuti mwagwa nayo, njinga ikubwerera kwa a Patson, ndipo sikelo ya kumtunda tikutseka. Sindikufuna kukafotokoza ku Phalombe kuti mwana wawo anathyoka khosi ine ndikuyang'ana."

Kuyambira tsiku limenelo a Patson ankayenda m'mbali mwa nyanja pa kanjinga kaja, maondo ali m'makutu, ana akuwathamangira pambuyo. Sanawakhululukire a NyaMakwinja mpaka Khirisimasi.

Tsono kugwa, anagwa. Tisanamizane. Pokwera zinali bwino, chifukwa ankakwerera pakhonde la chipatala, kuliza injini ali pomwepo, n'kuuyatsa. Masiku amenewo mzimayi kuvala thalauza unali mlandu, ndiye diresi lawo lalitali ankalimanga m'miyendo ndi mapini a matewera kuti lisakodwe mutcheni. Pamchenga paja chinjingacho chinkadutsa ngati palibe kanthu. Koma ulendo uliwonse uli ndi pothera, ndipo pothera pake panali pansi. Anagwera m'chinangwa, anagwera m'mbatata, anagwera pa mulu wa madeya. Posakhalitsa anayamba kusankha pogwera, moti akamayandikira mudzi maso awo ankasaka pofewa. Bokosi lokha silinkagunda pansi. Ankagwa atalikumbatira.

Anthu onse a kumtunda ankaona, koma aliyense ankadziwa lamulo la bwana lija, ndiye panalibe amene anaona. A Chikadza anakumana ndi mkulu wina wa kumtundako pamsika n'kumufunsa mochenjera.

"Kodi a nesi aja akumagwa kwanuko?"

"Yayi, bwana."

"Nanga mabala ali m'zigongono aja?"

"Amama aja amakonda kupumula, bwana. Akafika amagona dankha pachinangwa, ndiye n'kuyamba ntchito."

Ambokile nkhani imeneyi sinkamuseketsa. Ankadziwa kuti bodza la mudzi wonse limatha ndi mlendo mmodzi wolongolola, ndipo Eliness anali asanafike msinkhu wobayitsa wa chikuku. Njinga ikalandidwa mwanayo asanabayidwe, ndiye kuti chiyani? Tsiku lina a NyaMakwinja anafika m'mudzi mwake n'kupeza chinangwa chonse chakumbidwa, pofewa palibe. Anayamba kuzungulira mtengo wa mango umene ankapachikapo sikelo, akukuwa.

"Gwireni! Inu amayi inu, gwireni!"

Amayi anathawa ndi ana kumsana. Ambokile anaponya khasu, n'kuthamangira, n'kugwira mahandulo monga agwirira nyanga za ng'ombe yolusa. Njinga inaima. Ndipo anaona chinthu: phazi lamanzere la mayiwo, posakasaka pansi, linapeza mtondo umene wina anausiya chogona, n'kupondapo. Njinga inaima njii, iye atasiya kugwira.

"Amama, tayimani nthena. Musasunthe."

"Ndisunthe ndipita kuti?"

Ambokile anathyola kamtengo, n'kuyeza kuchokera pansi kufika pa nsapato, n'kukasunga m'thumba. Mwini mtondo anabwera kudzalanda mtondo wake, akuti suli wopondapo anthu. Koma m'mawa mwake ngolo inatsikira kumtsinje, ndipo pofika tsiku lina la sikelo, pansi pa mango paja panali mwala waukulu, wapamwamba posalala, wokwiriridwa pang'ono kuti usagwedezeke. A NyaMakwinja anauona ali patali. Anachepetsa moto, anayandikira, phazi pamwala, injini zii. Anatsika ngati mfumukazi, n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Wayika ndani?"

Ambokile anali kuseri kwa ng'ombe zake, akuchotsa nkhupakupa zimene panalibe.

Midzi ina itamva, nayo inafuna mwala. Ngolo ya Ambokile inazungulira kumtunda konse, kamtengo kaja kali m'thumba. Panakhala mwala pa sikelo iliyonse, wina pa tchalitchi, wina pa chigayo, wina pamsika wa ku Chilumba pafupi ndi ogulitsa usipa. Kugwa kunatha. Koma pamene palibe mwala, a NyaMakwinja sankaima, ndipo moni wozungulira uja unayambira pamenepo.

Anyamata oona makhadi a chipani anavutika nawo koopsa. Ankatchinga njira ya kumsika, aliyense aonetse khadi. A NyaMakwinja khadi lawo analimata pachifuwa ndi pini ya thewera.

"Imani, amayi! Khadi!"

"Ili apa! Werengani!"

Mnyamata ankathamanga m'mbali mwa njinga, khosi litapindika, akuyesa kuwerenga chaka, iwo akumuzungulira ndi kumufunsa ngati amayi ake akumwabe mankhwala. Anyamatawo atatopa anakagubuduza mwala wawo n'kuuika panjirapo. A NyaMakwinja anafika, anauyang'ana, n'kupukusa mutu.

"Wafupika! Mukafunse kwa a Mwangalaba!" Ndipo anadutsa.

Tsiku loopsa linafika pamene a Chikadza analengeza kuti akubwera kudzaona okha sikelo ya kumtunda, m'mudzi mwa Ambokile momwemo. Linalinso tsiku loti Eliness abayidwe. Ambokile ndi ngolo yake anali atachoka kwa masiku angapo kukatuta mpunga wa munthu, ndipo anabwerera m'mawa wa tsiku lomwelo, n'kusiya ng'ombe kudambo. Atafika pa mango paja, anapeza mwala palibe.

Anthu a m'mudzimo anali atakonzekera mlendo monga ankachitira nthawi imeneyo pakabwera wamkulu. Anasesa bwalo mpaka nyerere zinasowa pobisala. Anandandalika timiyala m'mbali mwa njira, n'kutipaka laimu, mbee. Ndipo atayang'ana chimwala chija chili pakati pa bwalo, anati chikuipitsa malo, komanso bwana akachiona adzafunsa ntchito yake, chinsinsi n'kuululika. Amuna anachizula, n'kuchigubuduzira kuseri kwa khola, kutali, pamalopo n'kusalaza bwinobwino.

"Mwala uli nkhu?" anafunsa Ambokile.

"Tabisa," anayankha monyadira a Hudson, mkulu wa mpingo amene anatsogolera ntchitoyo. "Bwana sadziwa kanthu."

Ambokile asanapeze mawu oyenera kunena kwa mkulu wa mpingo, kumunsi kunamveka injini.

Galimoto la a Chikadza linali litatitimira pamchenga paja. Ndiye bwana, posafuna kubwerera, anakwera kumbuyo kwa a NyaMakwinja, bokosi la katemera atalikumbatira pamimba. Akuti mayiwo anawauza mawu amodzi okha ponyamuka: "Mapazi anu akhale pa zopondera. Mukangowatsitsa, ndiye kuti woyendetsa ndinu." Ndipo bwana, pofuna kuona chilungamo chake, anamvera.

Njinga inalowa pakati pa timiyala toyera, amayi anayamba nyimbo yolandirira alendo, nthungululu zili pwirikiti. A NyaMakwinja analunjika pamalo pawo, anachepetsa moto, anatulutsa phazi. Mwala palibe. Anabweza phazi, n'kuwonjezera moto, n'kuzungulira mango.

Amayi anaganiza kuti ndi mbali ya mwambo, nyimbo n'kuikweza. Njinga inazunguliranso. A Chikadza poyamba ankamwetulira ndi kugwedeza mutu kwa anthu. Atazungulira kangapo kumwetulira kunayamba kuuma.

"Amayi, tafika?"

"Tafika, bwana."

"Nanga bwanji sitikuima?"

"Anthu akuoneni bwino kaye. Ena ali kumbuyoku sanakuoneni."

Podutsa pafupi ndi Ambokile, a NyaMakwinja sanakuwe. Anangomuyang'ana. Iye anaona thukuta likutsika pansi pa chipewa cholimba chokwerera njinga, anaona mahandulo akuyamba kuwakanika chifukwa cha kulemera kwa bwana, ndipo anadziwa kuti mayiyu watsala pang'ono kugwa pamaso pa munthu yekhayo amene samayenera kuona. Kugwira mahandulo sakanatha, chifukwa kumeneko kukanakhala kuulula kuti namwino satha kuima yekha. Mwala unali kutali, ng'ombe kudambo. Anayang'ana pamzere wa amayi, n'kuona Eliness ali kumsana kwa azakhali ake aja, akuyamwa chala.

Anatulutsa kamtengo kaja m'thumba, n'kuyenda mpaka pamene pankakhala mwala. Anagwada bondo limodzi monga munthu wolandira mlendo mwaulemu, linalo n'kuliimika, n'kuyeza ndi kamtengo, n'kutsitsako pang'ono. Kenaka anaweramitsa mutu, n'kuyamba kuomba m'manja.

Njinga inabwera. Inachepetsa moto. Nsapato yakuda, yaing'ono ngati ya mwana wa sukulu, inatera pa bondo la Ambokile, ndipo kulemera konse kwa njinga, namwino, bwana ndi bokosi kunatsikira pamenepo. Iye anakukuta mano, koma kuomba m'manja sanasiye. Injini inazima.

"Tafika, bwana. Tsikani bwino."

A Chikadza anapereka bokosi kwa mayi wina, anatsitsa mwendo, anaima, anayenda pang'ono chammbali ngati nkhanu, kenaka dziko linawazungulira, n'kukhala pansi, phuu, pakati pa bwalo losesedwa bwino lija. Nyimbo inaduka. A Hudson anasendera pafupi mwaulemu.

"Musadandaule, bwana. Kuno alendo onse amayamba apumula dankha."

Amene anayamba kuseka ndi a Chikadza eni ake, ndipo anaseka mpaka misozi. Sanali munthu wopusa. Anaona chidindo cha nsapato pa bondo la Ambokile, anaona dothi latsopano pamene panachotsedwa chinthu, ndipo miyala ina ija anali ataiona kale m'njira. Koma anaonanso mzere wa amayi wofika mpaka kuseri kwa tchalitchi, ndipo atatsegula bokosi, ayisi anali akadali gwa. Anakhala pampando n'kuonerera ana akubayidwa mmodzimmodzi. Eliness analira kuposa onse, ndipo bambo wake, amene ankatsimphina, anatembenukira kumbali kuti anthu asaone nkhope yake.

Ponyamuka bwana anati, "Ine ndinati ndikadzaona mwagwa. Lero wagwa ndi wina. Koma chinthu chimene munachotsa apachi, chibwerere lero lomwe. Bondo la munthu si katundu wa boma."

Mwala unabwerera madzulo omwewo, a Hudson ali patsogolo kukankha.

Patapita nthawi, anthu anaona mwala wina watsopano. Unali pakhomo pa Ambokile, pamene panalibe sikelo, panalibe chigayo, panalibe chilichonse koma nyumba ya munthu wopanda mkazi. A NyaMakwinja anauona, n'kudutsa. Ulendo wina anauzungulira kamodzi, n'kufunsa za ng'ombe, n'kupita. Mudzi wonse unkatsatira nkhaniyi kuposa mpira wa pawailesi. Mvula inagwa, inatha, mwala uli pomwepo, Ambokile akuupalira udzu m'mbali. Ndiye tsiku lina, pochokera kusikelo, injini inazima pakhomopo.

"A Mwangalaba, mwala uwu ndi wa chiyani?"

"Ngwakuyimapo, amama."

"Ndaima. Tsono?"

Ambokile Chichewa chonse chinamuthawa. Anangolowa m'nyumba n'kutulutsa mpando.

Abale a ku Phalombe atabwera kudzaona mkamwini, anayamba kumuyang'ana kumapazi, pofika kumutu makosi atawawa. Anthu ankaseka kuti mayi aja anakwatiwa kuti apeze pokwerera njinga. Iwo ankayankha kuti inde, nanga inu amuna anu ali ndi ntchito yanji? Eliness anamulera ngati wobereka okha, ndipo mwanayo atawapitirira msinkhu ali sitandade faifi, ankamukalipira atakwera pamwala uja.

Anayenda ndi chinjinga chimenecho zaka zambiri, mpaka utoto unasuluka, chishalo n'kuchita zigamba. Kunabwera njinga zina zatsopano, zazifupi ndithu koma zamphamvu, ndipo a ku boma anawauza kuti asankhepo imodzi. Anakana. Anati akatenga yofika mapazi pansi, ayamba kuima paliponse, ndipo ndi moni wa anthu a kuno uja, iwo sadzafika kusikelo. Chikuku kumtunda chinayamba kusowa, moti amayi achitsikana ankachita kufunsa kuti chimaoneka bwanji.

Matenda amene anawatenga sanachedwe nawo. Anadwala nyengo ya mvula, pokolola anali atapita. Anawaika kumtunda komweko, monga ananenera okha, ndipo tsiku la maliro anthu anadabwa kuona kuchepa kwa bokosi, chifukwa m'mitima mwawo mayi aja anali atakula kalekale. A Patson anabwera, imvi zili mbuu, n'kulira ngati mwana. Njinga inatengedwa kubwerera ku boma pa ngolo yomwe ija.

Kumtunda kunakhala chete wosazolowereka. Munthu unkayenda msewu wonse osazunguliridwa ndi aliyense, n'kufika kunyumba zovala zili zoyera, koma mtima uli wolemera. Tsiku la sikelo amayi ankapitabe pa miyala ija n'kukhala, ena n'kubwerera. Ambokile anasiya kuweta bwino ng'ombe. Ankakhala pakhonde, ndipo kukamveka chigayo patali ankadzutsa mutu, kenaka n'kuweramanso. Chimene chinkamudya mtima sichinali chisoni chokha. Eliness anali atakwatiwa ndipo anali ndi khanda kumsana, ndipo mwezi unatha, wina n'kutha, kumtunda osabwera munthu ndi bokosi.

Kenaka tsiku lina la sikelo, injini inamveka kumchenga kuja. Ambokile anatenga ndodo n'kutsikira pa mango. Anali namwino watsopano, a Violet, mtsikana wa ku Ntcheu, wamtali ngati mlongoti, pa njinga yatsopano. Anadutsa mwala uja osauyang'ana n'komwe, n'kukaima pamthunzi wabwino kutsidya kwa bwalo, mapazi onse awiri pansi. Anatsitsa bokosi, n'kuitana.

"Amayi, bwerani kuno tiyambe!"

Palibe anasuntha. Amayi anangokhala chozungulira mwala, ana pamiyendo, akuyang'ana pansi.

"Kodi sakumva Chichewa?" a Violet anafunsa Ambokile, poona kuti ndiye wamkulu.

"Akumva, amama. Kweni simunafike."

"Sindinafike bwanji? Si ndili pano?"

"Kuno a nesi amafikira apo." Analoza ndi ndodo.

A Violet anayang'ana mwalawo, wosalala pamwamba, pakati pake patayamba kulowa pang'ono. Eliness ananyamuka n'kuwanong'oneza mawu angapo. Namwinoyo anamanganso bokosi, analiza njinga, anazungulira mango, n'kubwera pang'onopang'ono. Anakweza mwendo wake wautaliwo n'kuponda pamwala, bondo n'kufika pafupi ndi chibwano. Kaimidwe kake kanali koseketsa kwambiri, ndipo amayi anaseka, ena akupukuta misozi ndi nsonga za zitenje, nthungululu n'kuyamba.

Ambokile anasendera, n'kugwira handulo ndi dzanja limodzi, ngakhale njingayo sinkafuna womugwirira.

"Mwafika, amama," anatero, akuloza khanda la Eliness. "Yambani ndi uyu. Ndi mdzukulu wa eni mwala."